Dzanja M'kamwa mwa Tilipo

Pakhomo pa Elinati madzi sankatayidwa asanagwire ntchito zitatu. Otsukira ndiwo ankatsukiranso mbale, akachoka apo ankakathirira repu kuseri kwa nyumba. Osamba mwana ankachapira masokosi, kenako n'kukolopera, ndipo otsalira pansi pa beseni ankawazidwa pabwalo kuti fumbi ligone. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Mipopi ya pa boma la Chadiza inkangopuma mphepo, ndipo pofika mwezi wa Okotobala mjigo wa kuseri kwa tchalitchi unkafuna kuupopa mpaka mapewa atauma usanalavule kanthu. Elinati ankalawirira kumeneko ndi zigubu ziwiri pa wilibala. Zigubu ziwirizo zinkayenera kufika mawa lake.

Mwamuna wake, Evance, ankaphunzitsa ku Zemba. Ankabwera pa njinga Lachisanu madzulo n'kubwerera Lolemba kusanatenthe. M'kati mwa sabata pakhomo ankatsala atatu: Elinati, mwana wawo Naomi wa zaka zisanu ndi zitatu, ndi galu wa Naomi, dzina lake Tilipo.

Tilipo anali wofiirira, wa khutu limodzi logwa. Anabwera ali kamwana m'katoni ya sopo kumbuyo kwa njinga ya Evance, ndipo anakula ndi mkute wonyika m'madzi ndi phala la gaga lothira fumbi la kapenta. Elinati ankakonda kunena kuti galuyo ndi wa mwana, iye alibe naye ntchito. Koma ndi iye amene anadula chigubu chakale pakati kuti chikhale chomwera, ndi iye amene anakumba kadzenje pansi pa mtengo wa mango n'kumathiramo madzi ochapira kuti Tilipo azigona pa dothi lozizira. Dzuwa likafika pamutu ankam'funditsa saka yonyowa. Lamlungu akaweruka ku tchalitchi ankakhala pa khonde n'kumam'zula nkhupakupa m'makutu. Pa nyumba yonseyo, Tilipo yekha ndiye ankamwa madzi osagwirapo ntchito ina popanda womuyang'ana ndi diso.

Mu Ogasiti a vetenale anadutsa ndi chimkuzamawu kulengeza za katemera wa agalu. Evance anasiya ndalama yake pa tebulo asanapite ku Zemba. Tsiku la katemeralo linagwera pamene mafuta ophikira anali atatha, ndipo kumalo obayirako kunali mzere wautali pa dzuwa. Elinati anaganiza kuti galu wosatuluka mu mpanda angatenge kuti matenda, ndipo anagula mafuta. Evance atabwera anafunsa akumasula nsapato.

"Za Tilipo zija zinatheka?"

"Zinatheka," anayankha Elinati ali ku khitchini.

Kumayambiriro kwa Okotobala, masana ena, Elinati anali pa khonde akusankha nyemba. Kunali zii, nyenje zokha zikulira m'mitengo, nkhuku zili yasa kukamwa pansi pa khola. Ndipo anaona galu wachilendo akulowa pa kabowo ka mu mpanda wa udzu. Anali wakuda, nthiti zonse pamtunda, mchira uli lende. Ankayenda mopepesuka ngati woledzera. Sanayang'ane munthu, sanayang'ane nkhuku. Anapita molunjika pa chomwera cha Tilipo, n'kuviika kamwa m'madzi, n'kungoima choncho osamwa.

Tilipo anadzuka m'kadzenje kake n'kumulumphira. Ndewuyo sinakhalitse. Elinati asanapeze n'komwe chikuni choponya, mlendoyo anali atatulukira pomwe analowera, akulowera kudambo, osalira ngakhale kamodzi. Tilipo anatsala ndi bala paphewa. Elinati analitsuka ndi madzi a mchere, n'kutseka bowo lija ndi chidutswa cha lata. Sabata isanathe bala linali litauma, ndipo nkhaniyo anaiiwala.

Masabata atatu atapita, kutentha kunali kutakula. Malata ankalira okha masana. Magetsi ankabwera maola ochepa, mwina osabwera n'komwe, ndipo Elinati ankakuta mtsuko ndi nsanza yonyowa kuti madzi akumwa asafunde. Lamlungu limenelo anapha nkhuku yomwe inali itasiya kuikira. Nyama anadya ndi Evance, mafupa anawawiritsanso Lolemba kuti apeze msuzi, ndipo atatha ntchito anam'patsa Tilipo.

Lolemba lomwelo Naomi pobwera ku sukulu sanapeze womuchingamira pa chipata. Anam'peza Tilipo atabisala m'khitchini ya panja, pakona pamdima, kuseri kwa thumba la makala. Atamuitana anatuluka, n'kumunyambita kwambiri kuposa masiku onse, kenako n'kubwerera pakona paja.

"Ndi dzuwa," anatero Elinati. "Ngakhale ine ndikanakhala ndi kona yanga ndikanabisala."

Lachiwiri m'mawa pobwera ku mjigo anapeza lata lija lili pansi, Tilipo palibe. Chibadwire galuyo anali asanapitepo patali yekha. Elinati anaitana kumsewu, anaitana kuseri, osamva kanthu. Tilipo anabwera yekha dzuwa lili paliwombo, thupi lonse fumbi, chisoso chili mbuu m'miyendo. Anadutsa Elinati ngati sakumudziwa. Madzulo ake ankangowakha m'malere ngati akugwira ntchentche, pomwe ntchentche panalibe, ndipo anatafuna mpini wa khasu mpaka kuusiya ndi mabala.

Lachitatu kutacha, chibwano chake chinali chitagwa. Kamwa inali yosatseka, dovu likuyenderera mpaka pachifuwa. Atayesa kuuwa panatuluka mawu osasa, achilendo, ngati a galu wina. Ankapita pa chomwera, kuyang'ana madzi, kukhosomola, n'kubwerera.

Naomi anaima ndi chikwama chake kumsana, misozi ili m'maso.

"Amama, ndi fupa lija. Lamutsamwa. Mum'chotse."

"Pita ku sukulu, uchedwa. Ndimuona."

"Mum'chotsadi?"

"Ndati ndimuona. Thamanga."

Mwana atapita, Elinati anakhala kanthawi akuyang'ana galuyo. Mumtima ankadziimba mlandu chifukwa cha mafupa aja, poti mafupa owiritsa kawiri amasweka mosongoka. Anamanga chitenje bwino, n'kugwada pansi pa mango, n'kumuitana monyengerera. Tilipo anabwera akukoka miyendo n'kugona patsogolo pake. Maso ake anali otuwa, akuyang'ana kupyola iye. Elinati anagwira mlomo wapamwamba ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kulowetsa m'kamwa. Munali motentha, moterera. Anafufuza kuseri kwa lilime, m'mbali mwa mano, mpaka kukhosi komwe zala zinalekezera. Fupa munalibe. Tilipo anakhosomola, mano ake n'kumukanda pamwamba pa dzanja.

"Amake Naomi."

Mawuwo anachokera pa chipata, ndipo anali otsika. Anali a Bernado, oyandikana nawo nyumba, amene anagwira ntchito ku dibi la ng'ombe zaka zambiri asanapume. Anabwera kudzabwereka wilibala. Anali ataima ndi phazi limodzi m'kati, lina kunja, osasuntha.

"Tulutsani dzanjalo. Pang'onopang'ono, musam'dzidzimutse. Mukatero muimirire, mubwere kuno cham'mbuyo."

Elinati anachita monga ananenera. Atafika pa chipata a Bernado sanam'gwire. Anangoweramira dzanjalo. Panali mizere iwiri yofiira, ndipo pa chala cha mkombaphala panali bala la mpeni lomwe anadzicheka dzana podula repu. Dzanja lonse linali dovu lokhalokha.

"Ndimafuna fupa," anatero Elinati. "Lamutsamwa."

"Mwalipeza?"

"Ayi."

"Simulipeza. Galuyu analumidwapo masiku apitawa?"

Elinati anakumbukira galu wakuda uja ataviika kamwa m'madzi osamwa. Anafotokoza mwachidule. A Bernado anagwedeza mutu.

"Nanga katemera anabayitsa?"

Elinati anayang'ana pansi. A Bernado sanafunsenso kachiwiri.

"Sopo ali kuti? Tengani sopo wochapira. Madzi muli nawo ochuluka bwanji?"

"Zigubu ziwiri. Ndangobwera nazo."

"Zibweretseni zonse."

Anam'khazika pa mwala kumapeto kwa bwalo, kutali ndi dimba. A Bernado ananyamula chigubu n'kuyamba kuthira, Elinati akupaka sopo ndi kutikita. Thovu likatha ankapakanso. Mwachizolowezi anakoka beseni ndi phazi kuti madziwo agweremo, koma a Bernado analikankhira kutali.

"Awa sapita ku ndiwo. Alowe pansi."

"Akwana, a Bernado. Dzanja layera."

"Sanakwane. Mphindi khumi ndi zisanu, ndikuona pa foni. Tikitani pa chalapo."

Madzi ankagwa pa dothi louma n'kumira nthawi yomweyo. Elinati ankawayang'ana akupita, madzi a tsiku lonse ndi a mawa m'mawa, ndipo apa m'pamene mantha anamulowa. A Bernado anali munthu wotola misomali yopindika mumsewu n'kukaiwongola kunyumba. Ngati iwo ankakhuthula chigubu chachiwiri osaphethira, ndiye kuti nkhaniyo inali yaikulu.

"Ndi chiwewe?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ine si dokotala. Koma chibwano chotere ndinachionapo, pa agalu ndi pa ng'ombe. Anthu onse amayamba ndi kufuna fupa."

Pamene ankamaliza, Tilipo anali atadzikokera yekha m'khitchini muja, pakona pake. A Bernado anayenda monyang'ama, n'kukoka chitseko, n'kuchimanga ndi waya, n'kutsamiritsapo chipika. Mbaula, mapoto awiri ndi makala zinatsekeredwa momwemo.

"Musatsegule, ngakhale alire bwanji. Ine ndikukauza a vetenale. Inu pitani kuchipatala tsopano lino, osati madzulo. Ndipo mudzere mwana ku sukulu."

"Mwana sanalumidwe."

"Mukamufunse bwino."

Elinati anam'peza Naomi m'kalasi, n'kupempha aphunzitsi kuti atuluke naye. Anayenda mumsewu wa fumbi, mithunzi yawo ili pansi pa mapazi. Kamvuluvulu anadutsa patsogolo pawo atanyamula mapepala ndi makoko a chimanga.

"Mwam'chotsa fupa, amama?"

"Tilipo akudwala. Tandiuza, anakulumako masiku ano? Ngakhale mosewera?"

"Ayi. Tilipo saluma."

"Anakunyambita pati Lolemba lija?"

Naomi anaganiza. Kenako anakweza diresi pang'ono n'kuonetsa bondo. Panali chilonda chomwe anagwa posewera fulaye sabata yatha, nkhanambo yake itasendeka mbali imodzi.

"Amakonda kunyambita apa. Amati akanyambita galu chimapola msanga."

Elinati anagwira dzanja la mwanayo n'kuwonjezera liwiro.

Kuchipatala nesi anamvetsera mpaka kumapeto osam'dula mawu. Anatsukanso dzanja la Elinati ndi bondo la Naomi, n'kuwabaya onse awiri paphewa. Analemba masiku obwerera pa makadi awiri n'kuwapereka m'manja mwa Elinati.

"Mwachita bwino kubwera lero. Koma mumve ichi, amayi. Matendawa akayamba kuonekera pa munthu, mankhwala ake kulibe, kuno kapena kwina kulikonse. Chomwe tili nacho ndi jakisoni ameneyu, nthawi isanathe. Musadumphe tsiku ngakhale limodzi, kaya kugwe maliro."

Ali pa benchi ya panja Elinati anaimbira foni Evance. Anafotokoza za galu wakuda, za chibwano, za dzanja, za bondo la Naomi. Evance anamvetsera, kenako anati:

"Komabe mwina si chimenecho. Paja anabayitsa mu Ogasiti."

Elinati anayang'ana Naomi, yemwe ankasewera ndi thonje la paphewa pake.

"Sanabayitse, atate ake Naomi. Ndinagula mafuta."

Mbali inayo Elinati ankamva ana a sukulu akuimba chapatali ku Zemba.

"Munandiuza kuti zinatheka."

"Ndinatero."

"Ndibwera mawa ndikapempha kwa a hedi," anatero Evance, n'kudula.

Tsiku limenelo anaphikira pa mafuwa pabwalo, ndi poto wobwereka ndi madzi a ndowa imodzi yomwe akazi a a Bernado anabweretsa. M'khitchini munkamveka kukanda pa chitseko, kuleka, n'kuyambanso. Nthawi zina kunkatuluka mawu osasa aja. Naomi anafuna kupita kukasuzumira pa mng'alu, koma Elinati anajambula mzere pa dothi ndi chikuni, mapazi khumi kuchokera pa chitseko, n'kumuuza kuti asaudutse. Mwanayo anatenga kampando n'kukhala pa mzere penipeni, n'kumalankhula ndi chitseko. Ankamuuza Tilipo za ku sukulu, za jakisoni, kuti sanalire. Akamva mawu ake, kukanda kuja kunkaleka.

Evance anafika Lachinayi masana, malaya atamatirira kumsana. Anatsamiritsa njinga, n'kunyamula Naomi, n'kuyang'ana bondo lake nthawi yaitali. Kenako anapita kwa Elinati n'kutembenuza dzanja lake uku ndi uku.

"Likupweteka?"

"Ayi."

"Tsiku lobwerera ndi liti?"

"Loweruka."

"Ndikuperekezani."

Za mafuta sanazitchule tsiku limenelo, ngakhale masiku otsatira. Elinati akanakonda akanakalipa.

Wa vetenale anabwera pa njinga yamoto chakumadzulo. Anali mayi wamfupi wovala jombo. Anasuzumira pa mng'alu wa chitseko n'kubwerera m'mbuyo.

"Miyendo yakumbuyo yafa kale. Safika Loweruka. Akasiya kupuma mundiimbire, musamukhudze. Funso langa ndi ili: chiyambire kusintha, anatulukapo mu mpandamu?"

"Lachiwiri," anayankha Elinati. "M'mawa wonse."

"Anapita kuti?"

"Sindikudziwa."

Mayiyo anayang'ana nyumba zozungulira, ana akusewera mumsewu, mbuzi zili pansi pa mtengo.

"Wina akudziwa," anatero. "Muyende m'makomomu, mufunse."

Lachisanu kukanda kunasanduka kukwekwereza, ngati munthu akukoka thumba pansi. Dzuwa litafika pamutu, Elinati ali pa khonde anazindikira kuti papita nthawi osamva kanthu. Anadikira ola lathunthu asanamuuze Evance. Wa vetenale anabwera ndi magolovesi ndi bokosi lozizira, n'kupempha kuti mwana apite kwa a Bernado. Anatenga mutu wa Tilipo kuti ukapimidwe ku Chipata. Chotsalacho Evance ndi a Bernado anachikwirira m'dzenje lofika m'chiuno kuseri kwa chimbudzi, n'kuikapo miyala. Saka, chomwera ndi thumba la makala anaziotcha. Naomi atabwera anapeza khitchini ili pululu, mukununkha mankhwala. Anakalowa m'nyumba n'kugona chafufumimba pa mphasa, kutentha konseko.

Loweruka atachoka kobayitsa kachiwiri, Elinati anayamba kuyenda m'makomo. Inali ntchito yolemera kuposa kupopa mjigo. Pakhomo lililonse ankayenera kuodira, kupatsidwa mpando, kulonjerana, kenako n'kunena kuti galu wake wafa ndi matenda okayikitsa ndipo Lachiwiri anayendayenda. Ena ankathokoza. Ena ankasuntha mpando pang'ono n'kuyang'ana dzanja lake. Mayi wina anati anamuona akudutsa kumsika. Mkulu wina wokonza njinga anati anamuona akuthamangitsa mbuzi koma sanaigwire.

Khomo lachisanu ndi chiwiri linali la a Monika, amake Precious, ogulitsa zovala za salaula, amene ankaimba nawo kwaya imodzi ku tchalitchi. Elinati anawapeza akusita ndi simbi ya makala pa khonde. Pansi pa tebulo panagona galu wawo wamkazi, woyera, ndipo Precious, kamwana ka zaka ziwiri, kanali katamutsamira kakudya mango. Pa mwendo wakutsogolo wa galuyo panali bala lopakidwa oyilo wakuda.

Elinati anafotokoza monga anafotokozera kwina konse. A Monika sanasiye kusita.

"Pepani ndithu. Kuno sanafike."

"Nanga bala ilo, amake Precious?"

"Anadzikola pa waya."

"Liti?"

"Kodi mwakhala a polisi?"

"Ndikungofunsa chifukwa cha mwanayu. Ngati ndi Tilipo anamuluma, a vetenale ayenera kudziwa. Mwina angomutsekera n'kumamuona."

A Monika anaika simbi pansi.

"Amake Naomi, galu uyu ndi amene amandilondera mabelo anga. Chibwerere iye, pano sipanalowe wakuba. Inu mwalephera kusamala wanu, mwatibweretsera matenda m'dera muno, lero mukufuna wanga adulidwe mutu? Ndati ndi waya."

Precious anapatsa galuyo khoko la mango, galuyo n'kumunyambita zala. Elinati anatsanzika. Pobwerera anadzera kwa wa vetenale koma anapeza atapita kumidzi, ndipo anangosiya uthenga kwa mlonda.

Lachitatu lotsatira yankho linabwera kuchokera ku Chipata. Chinali chiwewe. Chimkuzamawu chinadutsanso, ndipo Lachisanu agalu a dera lonse anasonkhanitsidwa pa bwalo la sukulu, ena pa zingwe za mtengo, ena pa malamba a njinga, ena m'manja mwa eni ake. Elinati analibe galu wobweretsa, komabe anapita n'kukaima pa mthunzi. Anayang'ana mzere wonse kuyambira kutsogolo mpaka kumapeto, kawiri. Galu woyera uja panalibe.

Anakumana ndi a Terrance, amuna a a Monika, akutsegula okala yawo pafupi ndi msika.

"A Terrance, galu wanu sindinamuone ku sukulu."

A Terrance anayang'ana uku ndi uku asanayankhe.

"Anapita kumudzi. Mlamu wanga anabwera Lamlungu, ndiye anamutenga pa njinga m'dengu. Ku Mlolo kuli malo, akapolera komweko. Zikazizira kuno tidzamutenga."

"Ndiye kuti analumidwadi."

"Ine kunalibe. Amake Precious akuti anangogwirana pang'ono ndi galu wanu pa chipata."

"Kumudziko kuli ana?"

A Terrance anaweramira loko wawo ngati wavuta kutseguka.

"Mudzi wopanda ana uliko?"

Elinati anawafunsa dzina la mudziwo ndi la mlamuyo, poti ku Mlolo kuli midzi yambiri. Anazengereza, koma anatchula. Anabwerera ku sukulu mothamanga, n'kudikira mpaka wa vetenale atabaya galu womaliza, n'kumuuza zonse. Mayiyo analemba dzina la mudzi ndi la mlamuyo pa chikhatho, n'kulongedza bokosi lake, n'kuliza njinga yamoto osadya n'komwe.

Anabwera ndi yankho mawa lake, ndipo anaima pa chipata cha Elinati injini isanazime.

"Mudzi ndaupeza, mlamuyo ndam'peza. Galu palibe. Anam'mangirira pa nkhokwe, koma Lachinayi anapeza chingwe chodukaduka, chotafunidwa."

"Wayamba kudwala?"

"Sindinganene. Galu wabwinobwino amatafunanso chingwe akamufikitsa pachilendo. Akuti ankadya, ankamwa. Ndauza anthu a midzi itatu, ndipo ndibwererako Lolemba ndi katemera." Anapukuta thukuta ndi mkono. "Koma galu akathawa kotere, kawirikawiri amalondola kwawo. Ndawauza kale a Terrance."

Kuchokera tsiku limenelo Elinati ankaperekeza Naomi ku sukulu ndi ndodo m'manja, ndipo sanali yekha. Pa mjigo amayi ankaima moyang'ana kunjira yochokera ku Mlolo, ndipo galu aliyense woyera akaonekera patali, kupopa kunkaima. Ena ankati anamuona kudambo, ena ankati anagundidwa ndi minibasi pa msewu wa ku Chipata, koma palibe anabweretsa umboni. A Monika analeka kubwera ku kwaya.

Elinati ndi Naomi anamaliza jakisoni wawo pa masiku onse olembedwa. Mizere ya pa dzanja inapola osasiya chipsera. Komabe kwa masabata ambiri, mutu ukangomuwawa pang'ono, kapena Naomi akakana chakudya, Elinati ankatunga madzi m'kapu n'kum'patsa mwanayo, n'kuyang'anitsitsa khosi lake mpaka atameza, kenako n'kumwa iye. Onse awiri sanadwale.

Tsiku la jakisoni womaliza, pobwerera, anadzera njira ya kwa a Monika. Anali masana, kumwamba kuli timitambo toyera topanda mvula. Makomo onse a mumzerewo anali otsegula kuti mulowe kamphepo, anthu ali m'makonde. Kwa a Monika kokha chitseko ndi mawindo zinali zotseka. Elinati anaodira. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka pang'ono, a Monika n'kusuzumira, nkhope ili thukuta lokhalokha, Precious ali kumsana atamangidwa ndi zitenje ziwiri. Anayang'ana kaye kumsewu, kenako kwa Elinati.

"Ndimati ndikuoneni," anatero Elinati. "Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndinapita naye kuchipatala, anamuona." Anatsitsa mawu. "Kodi galu uja akabwera, adzandizindikira?"

"Tilipo anandidutsa ngati mlendo. Koma mawu a Naomi ankawamva mpaka tsiku lomaliza."

A Monika anakweza mwana kumsana n'kumangitsa mfundo.

"Ndikamuona ndisamuitane?"

"Musamuitane. Mutseke chitseko, muimbe foni."

A Monika anagwedeza mutu. Anayang'ananso kumsewu, mbali ya ku Mlolo, komwe kunali mbuzi ziwiri zokha ndi munthu wokankha njinga ya makala. Kenako anabwerera m'kati, ndipo Elinati anamva akukoka tebulo kutsamiritsa ku chitseko.